Anasopo ndi Zovala za Ana Pachingwe

Abambo mfumu andiuza kuti ndilembe za moyo wa alamu anga m'kalata ya parishi ino. Ndinati apeze wina wodziwa kulemba, iwo akuti wodziwa kulembayo sanakhale nawo nyumba imodzi zaka makumi atatu. Chabwino. Ndilemba zimene ndinaona, zokometsera ayi.

Ambiri munkawadziwa ndi dzina loti Anasopo. Mayi awo anamwalira iwo ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo kuyambira pamenepo manja awo sanachoke m'madzi. Anachapira azichimwene awo, kenako anthu oyandikana nawo, kenako nsalu za paguwa. Kuwerenga anaphunzirira m'buku la nyimbo basi.

Mchimwene wanga atafuna kuwakwatira, ine sindinakondwe. Ndimagulitsa kaunjika, pakamwa ndiye khasu langa. Koma mkazi uyu ukamutuma kumsika ankagula pa mtengo woyamba umene wauzidwa, n'kuthokozanso. Ndinati tatenga munthu wogona.

Mchimwene atamwalira n'kusiya ana atatu, tinakhala nyumba imodzi. Alamu anapeza ntchito yochapa kumalo kumene boma limasungira anthu ogwidwa akudutsa malire opanda mapepala, ena othawa nkhondo, ena njala. Alonda ankawaitana ndi manambala. Alamu ankafunsa aliyense dzina lake, ngakhale chilankhulo samvana, ndipo pa Misa ya m'mawa ankanong'oneza mayinawo mmodzimmodzi, lilime likupunthwa. Ndikawafunsa kuti, "Akukudziwani amenewo?" ankati, "Bulangeti lawo ndalichapa, ndiye tikudziwana."

Pa ntchito anali ndi lamulo lawolawo. Mabulangeti ankayanika pachingwe chakumbuyo. Zovala za ana ankayanika pachingwe chakutsogolo, pafupi ndi geti, chifukwa ndi pamene dzuwa limayambira ndipo anawo analibe zosinthira.

Kutatsala chaka chimodzi kuti apume ndi penshoni, kunamveka kuti kukubwera alendo a bungwe lakunja loona za ufulu wa anthu. Boma linali litasaina pangano ndi mayiko ena loti ana asatsekeredwe m'malo otere, ndipo mapepala ankati mulibe mwana. Koma analimo khumi ndi anayi. Bwana wa pamalopo analamula kuti tsikulo ana akabisidwe m'chipinda chosungira katundu, ndipo pachingwe pasaoneke kanthu ka mwana.

Alamu atandiuza, ndinawakhazika pansi.

"Alamu, inu ndinu wochapa, si loya. Tizovalato ikani m'beseni, muvindikire, alendo adutse. Chatsala n'chaka chimodzi. Akakuchotsani, ana athuwa adya sopo?"

"Zonyowa sizisungidwa m'beseni, zimanunkha."

"Zinunkhe tsiku limodzi, palibe amene afe."

"Zikanunkha, wovala ndi mwana, si abwana."

Ndinawatcha chitsiru. Ndinalapa kale, koma ndalemba kuti mudziwe kuti amene ananena mawuwo ndi ine.

Tsikulo anachapa monga masiku onse, n'kuyanika monga masiku onse. Bwana anazindikira zimenezi alendo atalowa kale pageti. Mayi wina mwa alendowo anaima pachingwe, n'kugwira kadiresi kakang'ono kakudontha madzi. Anafunsa kudzera mwa womasulira kuti n'kandani. Bwana anathamangira kuyankha kuti ndi zovala za ana a antchito. Mayiyo anatembenukira kwa alamu, amene anali ataima pomwepo ndi beseni.

"Ayi bwana, mwaiwala," anatero alamu mwaulemu. "Aka n'ka mtsikana wotsokomola uja. Ana onse ali m'chipinda cha katundu, ndipo mulibe zenera."

Chitseko chinatsegulidwa pomwepo. Patatha miyezi iwiri, anawo ndi amayi awo anawasamutsira kunyumba yopanda mpanda, kumene ankatha kupita kusukulu. Koma alamu anawachotsa ntchito sabata yomwe alendo aja anabwera, ati ankawononga sopo. Penshoni inapita. Ine ndinakakhala pa ofesi ya bwanayo masiku atatu ndikukangana nawo, mpaka mlonda ankandithawa. Sizinathandize. Kumsika sindigonja, koma apo ndinabwerako chimanjamanja.

Alamu sanadandaule ngakhale kamodzi. Anabwerera kuchapira anthu m'makomo, ndipo Loweruka lililonse ankasita nsalu za paguwa. Ana atatu aja anakula ndi beseni lawo ndi kaunjika wanga, palibe amene anagonapo ndi njala. Chimene chinkandipsetsa mtima n'chakuti pa mayina a m'mawa aja anawonjezerapo la bwana uja. Nditawafunsa anati, "Nayenso ali ndi dzina."

Atakalamba zala zinapindika, osathanso kufinya chovala. Ankangokhala pampando pakhonde n'kumatilondolera poyanika, korona ili m'manja. Mwezi wathawu anagona pansi masabata awiri. Lachiwiri masana, atalandira mafuta a odwala, anandiitana.

"Alamu, kunja kukuoneka mvula. Kaanuleni zovala."

Ndinatuluka ndikung'ung'udza monga ndimachitira. Pobwerera ndi zovala paphewa, ndinapeza atapita, nkhope ili phee ngati munthu amene wamaliza ntchito yake.

Anthu ophunzira amasaina mapangano m'nyumba zazikulu n'kujambulitsa. Alamu anga sanawerengepo ngakhale limodzi. Koma tsiku lija, pa anthu onse amene analipo, amene anasunga panganolo anali wochapa. Ndinali ine wolakwa, iwo anali olondola, ndipo mawu amenewa sindinawanenepo kwa munthu wina aliyense. Inu mukauzidwa kuti mubise munthu m'beseni, mukumbukire Anasopo. Ambuye awalandire mu mtendere.

Zingwe zawo kunyumba zidakalipo ziwiri. Zovala za zidzukulu ndimayanika kutsogolo.