Zaka za mapapo anga

Ndinali nditagwira ntchito zaka zambiri pa fakitale yocheka matabwa pamene kunabwera anthu oyeza mapapo. Kapitawo anatiimika pamzere kuseri kwa shedi, utuchi uli mbuu kumutu.

Nditalowa, anesi anandiyeza kutalika, nkundifunsa chaka chobadwa. Ndinawapatsa chiphaso. Anakopera chakacho mu kompyuta, anandipana mphuno, nkundipatsa kapaipi.

"Kokani mpweya wambiri, bambo. Uzirani! Uziranibe!"

Ndinauzira katatu mpaka m'maso munachita mdima. Anesiwo anayang'ana kompyuta, nkhope nkugwa.

"Mpweya wanu ndi wochepa poyerekeza ndi munthu wa zaka zanu."

Mantha anandigwira. Kenako ndinakumbukira kuti chaka cha pachiphasocho anachita kungoganiza mlembi wina. Kalata yanga ya ubatizo, yomwe mayi ankasunga m'chitini kwathu kwa Kaphuka, imasonyeza kuti ndine wamkulupo ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinawauza. Anafufuta, nkulemba chaka chinacho.

"Aa, basi zili bwino. Muli m'malire."

"Ndiuzirenso?"

"Ayi, mwauzira kale."

"Nanga mpweya womwe uja wachuluka bwanji?"

Anaseka pang'ono, koma anandifotokozera mwaulemu. Akuti makinawo sanena okha kuti munthu akudwala. Amakuyerekeza ndi anthu athanzi a zaka zako ndi msinkhu wako, ndipo munthu akamakula mpweya umachepa.

"Anthu athanziwo ndi akuti? Akuno ku Dedza?"

"Ambiri anayezedwa kunja. Akwathu kuno sanayezedwe ambiri."

"Amacheka matabwa?"

"Sindikudziwa, bambo. Aitaneni otsatira."

Madzulo ndinapeza mayi a kunyumba akusankha mbatatesi pakhonde.

"Akupezani ndi chiyani?"

"Pachiphaso ndikudwala. Pa kalata ya ubatizo ndili bwino."

"Musandiseweretse. Nanga kutsokomola kwa m'mawa kuja munawauza?"

Sindinawauze, chifukwa sanandifunse, ndipo ine mutu unali pa zaka.

Loweruka lake tinapita kukatola nkhuni cha ku Chongoni. Pachitunda ndinaima kawiri, wefuwefu, iwo ali patsogolo ndi mtolo wawo. Sindinadziwe ngati unali ukalamba kapena utuchi. Lolemba ndinapempha kapitawo chophimba pamphuno chatsopano, ndipo anandipatsa. Oyeza aja anati adzabweranso chaka chotsatira, koma pofika nthawiyo ine ndinali nditasiya ntchito, ndikulima kabichi kudimba.