Chipeso cha Fupa la Ng'ombe

Amuna anga anabwera ku Dublin kudzaphunzira za anthu akufa. Ndikunena choncho dala, chifukwa ndi mmene Amalawi anzathu ankanenera tikangopereka msana. Zoona zake n'zakuti anapeza mwayi wa maphunziro a mbiri yakale, ndipo gawo lawo linali la Mavaikingi, anthu a ngalawa aja amene anachokera kumpoto n'kumanga mudzi pamene pali mzindawu lero. Kuno akamakumba maziko a nyumba nthawi zina amapeza manda awo, ndiye mafupawo amapita kukayezedwa. Amuna anga ankayeza nawo. Ine ndi mwana wathu wamkazi tinawatsatira, n'kumakhala m'kafuleti ku Santry, komwe ndege zimadutsa pamutu tsiku lonse.

Munthu wangayu ndi wofatsa, koma pa nkhani ya Mavaikingi pakamwa sipatseka. Lamulungu lina titatuluka m'Misa ya Amalawi, anthu akumwa tiyi, anayamba kufotokoza kuti anthu amenewa ankagulitsa akapolo pompano m'mbali mwa mtsinje, kuti ankasamala tsitsi kwabasi, ndiponso kuti munthu akafa ankamuika ndi zinthu zake: mpeni, mikanda, chipeso. Ndinkawatsina, koma ayi ndithu. Mpaka anatulutsa foni n'kuonetsa chithunzi cha chigaza chimene anachigwira dzulo lake.

Mayi wina wa ku Tyrrelstown, amene ankatsogolera kwaya ya amayi, anaika kapu pansi. "Bambo, mwati munachigwira ndi manja anuwa? Ndiye n'kudzatipatsa nawo moni?" Anthu anaseka, nanenso ndinaseka. Ndinali ndisanawadziwe anthu.

Kuyambira pamenepo mandasi amene ndinkapita nawo ku Misa ankabwerera kunyumba osakhudzidwa. Ana a anzathu anasiya kubwera kudzasewera kwathu. Ndinamva m'mphepete kuti akuti digiri yokumba manda siingakhale yamanja okha, pali chimene chikukhwimiridwa. Anthu ophunzira, anamwino, ena a mamasitazi awo, koma m'mitu muli zimenezo!

Mwana wathu anabadwa ndi vuto la mtima. Chichewa ankamva, koma ankayankha m'Chingerezi, ndipo tsitsi lake linali nkhondo. Chipeso chilichonse ankachithawa. Bambo ake anakagula fupa la ng'ombe kubuchala, analiwiritsa, analiumitsa, n'kumalipala patebulo masiku a Loweruka mpaka nyumba yonse inanunkha. Anasema chipeso ngati cha Mavaikingi, ndi timizere take tokongoletsa, koma mano anawatalikitsa, poti a eni akewo ndi othinana, sangadutse m'tsitsi lathuli. Mwanayo anachikonda koopsa. Ngakhale kuchipatala ankagona nacho, ndipo womupesa anali bambo ake basi.

Mwanayo anatisiya m'nyengo yozizira, asanathe chaka choyamba kusukulu. Mwezi womwewo n'kuti bambo ake atangokhoza mayeso awo akuluakulu. Simungafune kuti ndikuuzeni zimene anthu anawerengera.

Tinagwirizana zomuika konkuno. Ine ndinkafuna chinthu chimodzi chokha: mwana wanga aperekezedwe ndi nyimbo za kwathu, asapite ziii ngati alibe mtundu. Ndiye amayi a kwaya atafika mmawa wa tsiku loika, atavala zitenje pamwamba pa majekete, n'kukhala pansi pabalaza mozungulira kabokosi koyera, ndinawakhululukira zonse. Mayi uja anayambitsa nyimbo, anzake n'kuilandira, ndipo ndinalira momasuka koyamba.

Azibambo awiri a kampani ya maliro atabwera kudzatseka bokosi, amuna anga anapempha kaye. Anagwada, anamupesa mwanayo pamphumi pang'onopang'ono, kenako anaika chipesocho m'manja mwake.

Nyimbo inadukira pakati.

"Chimenecho n'chiyani?" anafunsa mayi uja.

"Ndi chipeso chake, mayi," anatero amuna anga. "Ankachikonda."

"Chafupa?"

"Inde, la ng'ombe."

"La ng'ombe! Mukutiyesa ana ife? Mafupa mumasewera nawo kuntchito kwanu sitikuwadziwa? Mwamudya mwana, ndiye mukufuna mumalizitse zizimba zanu ife tikukuimbirani?"

Ndinadzuka. Ndinati mayi, mwana wanga wagona apa, pakamwa panupo mupasamale. Ndinati buchala yake ndi yapakona pomwepa, tiyeni mukafunse. Ndani wondimva? Wina anati kwathu sitiika munthu ndi mafupa. Wina anati n'chifukwa chake mayi wake sanalire usiku wonse, akudziwapo kanthu. Azungu awiri a kampani ya maliro aja anangoima pakhomo ndi chivundikiro m'manja, kuyang'ana pansi.

"Chichoke chimenecho," anatero mayi uja, "apo ayi ife tikupita."

Amuna anga anandiyang'ana. Ankadziwa chimene ndinkafuna pa tsiku limenelo. Anawerama, anatsegula tizala ta mwana wawo, anachotsa chipesocho n'kuchiika m'thumba la jekete. Anati, "Chachoka, amayi. Chonde muimbireni mwanayu."

Mayi uja anamanga chitenje chake bwinobwino. "Mwaona? Chikanakhala chipeso wamba akanachichotsa msanga chonchi? Tiyeni, amayi, ana athu tawasiya kunyumba." Anatuluka mmodzimmodzi, kupsa mtima kulibe, ena mpaka kutenga mapoto amene anabwera nawo. Bokosi linatsekedwa mwana ali chimanjamanja.

Kutchalitchi wansembe wa kwathu anachita Misa yonse mwaulemu wake, koma m'mabenchi munali anzawo a amuna anga a kuyunivesite ndi aphunzitsi a mwanayo. Anthu abwino, anabwera ndi maluwa, koma nyimbo zathu akanazidziwira kuti? Kumanda ndinayesa kuyambitsa ndekha. Ndinaimba mzere woyamba, n'kudikira oilandira. Kunalibe. Mphepo yokha ndi galimoto za mumsewu. Mzere wachiwiri sindinauimbe, ndipo dothi linayamba kugwa.

Amuna anga anamaliza maphunziro awo, koma za Mavaikingi sanazitchulenso patebulo. Chipeso chinakhala m'thumba la jekete lija, jeketelo m'kabati. Ku Misa ya Amalawi tinasiya, tinkangopita kuparishi yapafupi.

Chaka chitatembenuka foni inalira masana, ndikusita zovala. Anali mayi wa kwaya uja, mawu ali see, ngati tinasiyana dzulo.

"Achemwali, mwasowatu! Zakale zija tiiwale, ndife Akhristu. Ndili ndi kavuto. Mwana wanga amupatsa pulojekiti ya Mavaikingi kusukulu, ndiye aphunzitsi akuti wobweretsa chinthu chogwirika apeza mamalikisi ambiri. Ndakumbukira kachipeso kaja. Mukadali nako? Tingobwereka mpaka Lachisanu."

Pepani sanamutchule. Mwana wanga sanamutchule.

Ndili ndi pakamwa ine, amene amandidziwa angakuuzeni. Ndinali nditakonza mawu omuuza mayi ameneyu chaka chathunthu, m'basi, kubafa, pogona. Koma tsiku limenelo ndinangodula foni, ndinapita kukabati, ndinapisa m'thumba la jekete.

Chipesocho ndinali ndisanachigwirepo chichokereni m'bokosi. M'mano mwake munali mukadali tsitsi, timaphukusi tating'ono takuda, ta tsiku lomwe bambo ake anamupesa komaliza. Ndinakhala pansi pompo, chipeso m'manja, malaya a amuna anga akupsa pa ayironi, ndipo ndinaimba mzere wachiwiri uja mpaka kumapeto, ndekha.