Tsiku lomwe amayi anadzimasulira okha kanema

Lachitatu la sabata yatha galimoto ya kanema inakwera phiri n'kufika pasukulu pathu. Inafika itayera mbee ndi fumbi, dalaivala akutukwana msewu wa ku Dzoole ngati kuti tinaukumba dala kuti timuzunze. Ana anathawa m'kalasi osanditsanzika. Sindinawaletse, chifukwa nanenso choko ndinachisiya pakati pa samu.

Koma ndisanakuuzeni za kanemayo, ndikuuzeni kaye za mlamu wanga, poti nkhaniyi ndi yake.

Nachisale ndi mng'ono wa akazi anga. Ine ndi amuna ake, a Binwelo, tonse ndife akamwini m'mudzi umodzi: tinasiya kwathu n'kudzakhala kwa akazi, monga achitira amuna ambiri kuno kumapiri. Kusiyana kwathu n'kwakuti ine ndinabwera ndi mabuku, pamene iwo anapita ku Halale n'kubwerako ndi malata, chipewa ndi mtima wina. Malatawo anawakhoma panyumba imene zidina zake anaumba Nachisale, pamalo a amayi ake. Chikhomereni malatawo, nyumba inasanduka yawo. M'maso mwawo mkazi anasanduka wauve, wolongolola, wosadziwa kuyala nsalu patebulo. Mwezi uno anafika ponena poyera kuti amutulutsa m'nyumbamo, akagone kukhitchini kwa amayi ake, iwo abweretse wina wodziwa za chizungu. Ankhoswe anali atapangana zodzakumana Loweruka.

Chimene chinkandiwawa ine n'chakuti mlamu wanga, mkazi amene amayankha ngakhale tambala akalira, anali atakhala chete. Anali atayamba kukhulupirira kuti mwina vuto ndi iyeyo.

Tibwerere kusukulu. Kalasi yathu ndi yaing'ono, ndiye aja a kanema anati aonetsa kawiri. Tinatseka mazenera ndi masaka kuti mukhale mdima, tinapachika nsalu yoyera pabolodi. Ulendo woyamba unali wa amuna. Palibe amene analamula zakuti uyu akhale apa, uyu apo, koma aliyense anapadziwa pake. Mipando ya kutsogolo tinakhalapo ife aphunzitsi, alangizi a zaulimi ndi a Binwelo ndi chipewa chawo pabondo. Mabenchi anali a amuna ovala nsapato. Pansi panali pa amuna opanda nsapato. Amayi anali panja pansi pa mitengo, ana kumbuyo, kudikira kuti tithane nazo.

Zithunzi zake zinali zopanda mawu. Mawu anali a womasulira, mnyamata wa tayi yofiira, amene anaima pambali ndi chimkuzamawu.

Anayamba kutionetsa milatho ndi nyumba zosanjikizana za kumwera, womasulira n'kumatiuza kuti Chitaganya, mgwirizano wa maiko atatu uja, chatikondweretsa tonse. Apo m'kalasi munangoti zii. Kenaka inabwera nkhani ya mabanja awiri.

Mkazi woyamba anavala diresi ndi nsapato. Anayala nsalu patebulo, anathira tiyi m'kapu, anapatsa mwamuna wake amene ankawerenga nyuzipepala, iye n'kukaima pambali atagwira manja. "Onani mkazi wanzeru!" anatero womasulira. "Waukhondo, wofatsa, nyumba ili mwakachetechete." Mkazi wachiwiri anatulukira atavala chirundu, khasu paphewa, nkhuni pamutu, mwana kumbuyo. Atatula nkhunizo anayamba kulozaloza mwamuna wake amene anakhala pamthunzi. "Tsopano onani mkazi wopusa! Pakamwa pokhapokha!" Pamapeto mwamunayo analowa m'nyumba, anatulutsa phukusi la mkaziyo n'kuliponya pabwalo. "Azipita kwawo!" anakuwa womasulira, ndipo kalasi yonse inafa nako kuseka.

Ine ntchito yanga ndi yoyang'ana ana pamene akuganiza kuti sindikuwaona, ndiye ndinatembenuka kuti ndione kasekedwe kathu. Anzanga, mudzayese tsiku lina. Anayamba kuseka ndi a pamipando. A pamabenchi anayang'ana kaye a pamipando, nawonso n'kuseka. A pansi anabwera pomaliza, ndipo iwowa ndi amene anaseka mokweza kuposa onse. Mkulu wina amene anakhala pafupi ndi phazi langa anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anandikoka buluku n'kundinong'oneza, "Aphunzitsi, kodi tikuseka chiyani?"

Titatuluka, a Binwelo anapita molunjika pamene panakhala amayi. Pamaso pa anthu onse anati, "Iwe, lowa ukadzione. Akujambula."

Nachisale anangokonza nsalu yake n'kulowa pamodzi ndi anzake, mutu uli pansi. Mtima wanga unapweteka zedi.

Apa ndiye pamene zinthu zinatembenukira. A hedimasitala anali ataphera alendo nkhuku, ndipo inali itapsa. Womasulira anayang'ana khamu la amayi, anamva fungo lochokera kukhitchini, n'kusankha. "Amayiwa angoona zithunzi, n'zosavuta kumva," anatero akupukuta m'manja. Woyendetsa makina anayatsa kanema n'kukakhala pakhomo ndi fodya wake. Ine ndinatsala m'kalasimo chifukwa kiyi ndi wanga, komanso mapu anga sindiwasiya ndi ana oyamwa.

Milatho ija inadutsa osaipatsa moni. Itafika nkhani ya mabanja, kunangomveka kulira kwa makina. Mkazi wa diresi anathira tiyi, anakaima pambali. Mayi wina wachikulire, a Naphiri, amene amaumba mbiya kutsidya kwa dambo, anati, "Nanga uyu bwanji waima ngati mlendo? Akudwala?"

"Akudikira kapu," wina anayankha.

"Madzi a tiyiyo watunga ndani? Taonani mapazi akewo. Amenewo anafikako kuchitsime?"

Nthawi yomweyo kumbuyo kwa chithunzi kunadutsa mtsikana atanyamula thireyi. Ife amuna tonse, ndi masukulu athu, sitinamuone mtsikana ameneyu, chifukwa womasulira sanamutchule. Amayi anamuona onse pamodzi.

"Ali ndi wantchito!"

"Eee! Nanga ukhondo ungavute?"

Atatulukira mkazi wa khasu uja, kalasi inachita phokoso lomulandira. "Uyu ndiye munthu." "Tula, mwanawe, tula, khosi lingathyoke." Atayamba kuloza mwamuna wake, amayi anamupatsa mawu. Wina anati akufunsa za mchere. Wina anati akufunsa chifukwa chake mbuzi zalowa m'dimba munthu ali khale pamthunzi. Ndikuuzeni zoona, mawu awo ankalowa bwino m'kamwa mwa mkaziyo kuposa aja a tayi yofiira.

Kenaka phukusi linaponyedwa pabwalo. Palibe amene anaseka. A Naphiri anafunsa modabwa kwenikweni, "Akumuthamangitsa kuti apite kuti?"

"Kwawo," ndinayankha ine kuchokera kumbuyo. "Zithunzizi anajambula kumwera, kumene mwamuna amapereka ng'ombe n'kutenga mkazi kupita naye kwawo."

"Ooo, n'za kumeneko," anatero a Naphiri. "Nanga kuno banja likatha, phukusi amanyamula ndani?"

"Mwamuna!" kalasi yonse inayankha. Akazi anga anatembenuka n'kundiyang'ana ine ponena mawuwo, ndipo sindikudziwa kuti ndinawalakwira chiyani.

Pamenepo Nachisale anaimirira. Mthunzi wake unaphimba theka la nsalu. Anayang'ana mkazi wa pachithunzi uja akutola phukusi lake, anayang'ana anzake, n'kunena ndi mawu ake akale aja, omveka mpaka kuchigayo: "Ndiye ine miyezi yonseyi ndakhala ndikulira chiyani?"

Nthungululu imene inalira pamenepo! Amuna amene anali panja anathamangira kumazenera n'kuyamba kukoka masaka kuti aone chimene chachitika. Pakati pa mitu imene inasuzumira ndinaona chipewa chimene ndikuchidziwa.

Tsopano ndikufunseni, owerenga anzanga. Kanema anali yemweyo. Nsalu yomweyo, makina omwewo, kalasi yomweyo. Zinatheka bwanji kuti amuna aone chitsiru, amayi aone munthu wotopa amene akufunsa za mchere? Chimene chinasintha n'chimodzi: woima pambali uja anapita kukadya.

Sindikunena kuti kanemayo ananama zonse. Kuvundikira chakudya n'kwabwino, kusesa pabwalo n'kwabwino, ndipo amayi athu sanadikire galimoto kuti awauze zimenezo. Ngakhale mkazi wa diresi uja si mdani wa munthu. A Naphiri potuluka anati amumvera chisoni, ati munthu wamkulu kumuimika pambali pa tebulo lake lomwe. Chimene ndikukana ndi chinyengo chomata zinthu ziwiri pamodzi, kuti waukhondo ndi wolemera ndiponso wosalankhula, wauve ndi wosauka ndiponso woyankha. Ukameza chimodzi, wameza zonse. Mwamuna wobwera ndi malata amatuluka m'kalasi akudziona ngati uja wa nyuzipepala, ngakhale kuti kwawo kulibe mtsikana wa thireyi. Wopanda nsapato amaseka mokweza kuti anthu asaganize kuti wopusa wa pansaluyo ndi mkazi wake.

Madzulo ake ndinatsegula mabuku amene ndimaphunzitsira ana kuwerenga. Ndawagwira zaka zambiri, koma tsiku limenelo ndinawayang'ana monga anayang'anira amayi aja. Bambo akuwerenga, mayi akuthira tiyi. Munthu wa zigamba akaoneka, ndiye kuti agwa panjinga kapena abedwa pamsika. Amene amapatsidwa mawu anzeru nthawi zonse ndi wovala jekete. Mawa lake ndinafunsa ana a m'kalasi yaikulu kuti andiuze amene anachapa nsalu ya patebulo ya pachithunzi cha m'buku lawo. Anayamba kuseka, kenaka anakangana mpaka belu linalira, ndipo atsikana amene sakweza mkono chaka chonse anali patsogolo pa mkanganowo.

Milatho ija nayonso ndikanakonda titaionanso popanda wotiuza kuti takondwa. Mwina wina akanafunsa kuti simenti yake anasenza ndani, ndipo akuwoloka ndani.

Loweruka ankhoswe anakumana kuseri kwa nyumba ya malata ija, ine ndili pomwepo monga mkamwini mnzawo. A Binwelo anayala madandaulo awo onse, n'kumaliza ndi mawu amene ankawadalira: "Ndipo malata ali pamwambawa ndi anga."

Atsibweni a Nachisale, mwini mbumba, ndi munthu wolankhula motsitsa. Anati, "Zoona, ndi anu. Nanga zipupa? Nanga pansi pamene zaimapo?"

Pomwepo Nachisale anadzuka, anazungulira kuseri kwa nkhokwe, anabwera atasenza makwerero. Anawatsamiritsa kukhoma, anaika hamala pansi pake, anagwada mwaulemu wonse n'kunena kuti, "Bambo a ana, zulani bwinobwino, angapindike. Mitengo ya denga muisiye, anadula ndi achimwene. Mukafuna kukhala, khalani, nyumba ndi yaikulu. Koma ine muno sindituluka."

Nkhoswe ya a Binwelo inayesa kuziziritsa nkhani, inati tigonere, tikambe mawa. Ine ndinkayembekeza kuti mkamwini mnzangayo akhala pansi, ndipo ndikanakondwa akanatero, chifukwa kale tinkalima limodzi ndipo sanali woipa chonchi. Koma anthu anali atasonkhana chapatali, ndipo manyazi amakweza munthu pamene nzeru sizikanamukweza. Anavula chipewa, anakwera. Dzuwa lisanalowe malata anali pangolo, akulowera kwawo cha ku Ntchisi. Ana analira. Zimenezo sindikubisirani, analira kwambiri, ndipo amayi awo analira nawo.

Akazi anga anamupempha Nachisale kuti adzagone kwathu. Anakana. Anayala mphasa m'nyumba yopanda denga, ndipo Lamulungu anapita kutchalitchi kuchokera mmenemo, mitambo itayamba kale kuda kuphiri.

Udzu wa kudambo unapsa kalekale, ino si nyengo yomweta. Koma Lolemba m'mawa ndikupita kusukulu ndinakumana ndi mzere wa amayi, aliyense mtolo pamutu, wochotsa pa udzu umene anasungira nyumba yake yomwe. A Naphiri anali patsogolo. Nditaweruka ndinavula nsapato, ndinapinda buluku, ndinakwera padenga pamodzi ndi alongo ake a Nachisale. Kufolera ndi ntchito ya mkamwini, ndipo sindinaigwirepo ndi mtima wosangalala ngati tsiku limenelo, ngakhale kuti msana ukundikumbutsabe mpaka lero.

Tikumanga mtolo womaliza, madontho anayamba. Tinatsika mothamanga n'kulowa m'nyumbamo tonse, thukuta ndi udzu m'mutu. Mvula yoyamba ya chaka chino inagwa yamphamvu, ndipo sipanadonthe paliponse. Mwana wamkazi wa Nachisale, amene chibadwire amadziwa mvula ya pamalata yokha, anayang'ana kudenga kwa nthawi yaitali.

"Amayi, mvula ya lero bwanji ilibe phokoso?"

Nachisale anamukokera pamiyendo pake, anamuchotsa kaudzu m'tsitsi.

"Khala pansi, mwanawe. Muno ndi mwako."