Zitini za Mankhwala Ochotsera Phula

Anandilanda zitini 32 za mankhwala ochotsera phula pagalimoto. Zinali zanga, ndinagula ndi ndalama zanga.

Nthawi imeneyo ndinali nditasiya sukulu. Ndinabwera ku Birmingham kudzaphunzira kemisitiri, ndinalephera mayeso a chaka chachiwiri, amene ankandilipirira fizi anasiya, basi. Anzanga amene tinakwera nawo ndege imodzi anapitiriza. Ine ndinakapeza ntchito yotsuka magalimoto m'shedi ina ku Smethwick, kuseri kwa Cape Hill. Mwini shediyo anali bambo wamimba yaikulu amene sankavula jekete. Ogulitsa magalimoto akale ankamubweretsera magalimoto kuti tiwawalitse asanawaike pamsika, ndipo iye ankandilipira pa galimoto iliyonse imene ndamaliza. Kuchedwa ndi galimoto imodzi kunali kudzidula malipiro.

Chovuta pa galimoto yakale si matope. Ndi phula la pamsewu limene limamatirira m'munsi mwa zitseko, ndi guluu wa masitika a pagalasi. Tinali ndi mankhwala opopera a m'chitini chofiira. Ukapopera, phula linkayamba kutsika lokha, iwe n'kungopukuta kamodzi. Ankanunkhira mokoma koma mutu unkawawa, ndipo ndikamaweruka ndinkayenda ngati ndalawa kachasu.

Cha m'ma 1995 mankhwala aja anasowa. Wobweretsa katundu anati malamulo atsopano oteteza mpweya aletsa kupanga zimene zinali m'katimo. Anatisiyira chitini china, chofiiranso, dzina lomwelo, koma chojambulidwa tsamba lobiriwira. Atsopanowa ukapopera unkadikira, kenako n'kukhula mpaka phewa kuwawa. M'shedi munkazizira, sankauma, ankasiya mizere pa penti. Kale ndinkamaliza magalimoto asanu ndi awiri patsiku. Ndinatsika kufika pa anayi.

Lamulolo sindinkalitsutsa. Zaka ziwiri za kemisitiri zinandithandiza chinthu chimodzi chokha: ndinkatha kuwerenga kuseri kwa chitini n'kumvetsa chifukwa chake ndikusauka. Koma lendi sinatsike.

Wobweretsa katundu yemweyo anandinong'oneza kuti ku Telford kuli nyumba yosungira katundu imene yatsala ndi makatoni a mankhwala akale aja. Ndinalibe galimoto. Ndinapempha mkulu wina wa kwathu amene anamaliza sukulu bwinobwino ndipo ankagwira ntchito yowerengera ndalama ku Oldbury. Tinapita Loweruka.

"Mphwanga," anatero tili m'njira, "anzako akulemba ma exam, iwe ukusaka zitini."

"Achimwene, inu ingoyendetsani."

"Koma sizidzaphulika m'butimu? Galimotoyi sindinamalize kulipira."

"Zikaphulika simudzalipiranso."

Sanaseke. Anatsegula wailesi.

Ndinagula makatoni atatu, lililonse la zitini 12, chitini chimodzi mapaundi anayi. Ndalama zonse zimene ndinkasunga zinathera pomwepo. Mayi amene ndinkachita lendi kwawo anakana kuti zitinizo zilowe m'nyumba, ndiye ndinapita nazo kushedi.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Ndikanatha kuzibisa kuseri kwa matayala, palibe akanadziwa. Koma kwathu suika katundu pakhomo pa munthu osauza mwini wake. Ndinapita kwa bwana uja, ndinamufotokozera zonse mwaulemu, ndinamupatsanso chitini chimodzi chothokozera malo. Anachitembenuza, anawerenga kuseri kwake, n'kundifunsa kuti zilipo zingati. Ndinamuuza zoona.

Kwa masabata awiri ndinabwerera pa magalimoto asanu ndi awiri. Ndinkapopera pang'onopang'ono ngati mafuta onunkhira obwereka, ndipo ndinamaliza zitini zitatu zokha. Kenako munthu wa ku khonsolo anabwera pa galaja yoyandikana nafe, yopenta magalimoto, kudzaona za utsi wa penti. M'shedi mwathu sanalowe n'komwe. M'mawa mwake ndinapeza pamene panali makatoni pali pabwino, posesa.

"Ndazichotsa," anatero bwana. "Ukufuna anditsekere bizinesi?"

Ndinamuuza kuti mmene ndinkadziwira, choletsedwa chinali kupanga zatsopano, osati kumaliza zotsala.

"Tsopano ndiwe pulofesa?"

"Zili kuti?"

"Zakatayidwa koyenera. Undithokoze."

Sindinamuthokoze. Ndinatenga chitini cha tsamba lobiriwira n'kuyamba kukhula.

Patapita mwezi ndinakumana ndi mkulu uja titatuluka m'tchalitchi. Galimoto yake inkawala.

"Iwe, ntchito yanu ija ndaipezera ena," anatero. "Pali malo otsukira magalimoto ku Oldbury, pafupi ndi ofesi yathu. Phula lonse lija anachotsa ine ndisanamalize tiyi. Akuti mwini wake ndi mlamu wa bwana wako."

"Anapopera chiyani, achimwene?"

"Zofiira zomwe zija. Zopanda tsamba. Makatoni ake ndinawazindikira, limodzi lili ndi dothi la m'buti mwanga. Ndimaganiza kuti unawagulitsa."

"Munawafunsa?"

"Ine ndinapita kukatsukitsa galimoto, mphwanga, osati kukaweruza milandu."

Lolemba ndinalowa mu ofesi ya bwana osagogoda. Sanakane, sanavomere. Anati katundu wosungidwa pamalo pake popanda pepala ndi wovuta kudziwa mwini wake. Ndinamukumbutsa kuti ndinamuuza ndekha, ndi pakamwa panga, n'kumupatsanso chitini. Anati chitinicho akuchikumbukira, chinali mphatso yabwino. Kenako anapisa m'jekete, anatulutsa mapaundi 20, anaika patebulo, n'kunena kuti panja pali magalimoto atatu akudikira.

Ndinatenga ndalamazo chifukwa zinali zanga. Magalimoto atatuwo ndinawasiya ndi phula lawo. Risiti ya ku Telford ndinali nditaitaya kalekale, choncho kunalibe kumene ndikanakadandaula. Mkulu uja anandiuza kuti ndizitenge ngati phunziro. Ndinamuuza kuti maphunziro ndinasiya.

Shedi ija pano kulibe. Ndinamva kuti bwanayo anasamukira kwina, sindikudziwa kuti. Mankhwala a tsamba lobiriwira anadzawakonza patapita zaka, akuti masiku ano amagwira bwino, ndipo otsuka magalimoto mutu suwawawa. Zabwino zimenezo.

Zitini 32, chimodzi mapaundi anayi, ndi mapaundi 128. Kuchotsapo 20 imene anandipatsa. Atsala nazo zanga mapaundi 108.