Katani ya Chipinda cha Bambo

Bambo anga anaphunzitsa Chingerezi zaka makumi atatu, ndipo ana asukulu ankawatchula kuti a May. Dzinalo linabadwira pakhomo la kalasi. Wochedwa aliyense ankaima pamenepo n'kupempha kuti, "May I come in?" Ukalowa asanayankhe, unkabwerera kukayambiranso. Ankati kaliwu kameneka n'ka munthu woleredwa bwino: umapempha nako chilolezo, umanena nako zimene mwina zichitika, umadalitsa nako mnzako.

Tsoka lake, lamulolo anabwera nalo kunyumba. Ine ndi achimwene tinakula tikuima pa katani ya chipinda chawo ngati alendo. Akakhala chete, ndiye kuti akana, ndipo sitinkapempha kawiri.

Achimwene atasiya sukulu n'kuyamba kukonza magalimoto, bambo anati mwana wa mphunzitsi sanganunkhe oyilo m'nyumba mwawo. Achimwene ananyamula chikwama, ulendo. Zaka khumi ndi chimodzi osaponda pakhomo. Anthu awiriwa makani anali ofanana, ine pakati ndinachita kutopa.

Chaka chatha bambo anafa ziwalo mbali imodzi, pakamwa panapotoka, mawu anatheratu. Ndinatumiza uthenga kwa achimwene kuti bambo adwalika. Zoti sakulankhula ndinaiwala kunena, ndipo mpaka lero zimandidya mumtima.

Achimwene anabwera Lachiwiri masana, ine ndili kuseri ndikuchapa zofunda, mpopi ukusokosa. Zimene zinachitika anandiuza okha pamaliro a bambo. Akuti anasamba m'manja katatu kuti fungo la oyilo lichoke, anavala malaya oyera, n'kukaima pa katani paja. Anapempha monga tinkachitira tili ana, liwu lililonse m'malo mwake. Anadikira. Kuli zii. Anamva bedi likugwedezeka, ndiye anadziwa kuti bambo ali maso. Anatembenuka n'kumapita, osandifunafuna n'komwe.

Ine polowa ndinapeza bambo atadzikhwekhwereza mpaka m'mphepete mwa bedi, dzanja la mbali yamoyo litaloza ku katani, likukodola. Misozi inali itanyowetsa pilo. Kupusa kwanga, ndinkayesa akufuna madzi, ndipo ndinawamwetsa.

Anamwalira Lachisanu. Nditawafotokozera achimwene za dzanja lija, anakhala pansi pomwepo.

"Mlongo, ndiye kuti ankati ndilowe?"

"Ankati mulowe, achimwene."