Azakhali Atamanga Buku pa Kompyuta

Tsiku limene buku linakana kutuluka, ofesi yonse inali itaima kumbuyo kwa mtsikana wina. Ankamutcha Wamaloto, chifukwa maso ake sankachoka pazenera. Makolo analibe, mayeso a zamakompyuta anali atalephera, ndipo ntchitoyi anamulemba mongoyeserera: kulemba buku la malangizo a pulogalamu yawo, ndi kufotokoza zida zofunika kuika pakompyuta kuti bukulo limangike n'kukhala masamba oti munthu n'kuwerenga pasikirini.

Pakompyuta yake linkamangika bwinobwino. Pa ya abwana, sikirini inangodzaza mizere yofiira.

"Buku lotulukira iwe wekha litithandiza chiyani?" anatero abwana. "Likakananso Lolemba, tisiyana."

Zinamupweteka zedi. M'basi anatsamira galasi, n'kumaona masamba oyera akuuluka pamwamba pa madenga, iye akuwathamangitsa koma osagwira ngakhale limodzi.

Vuto analizindikira akutsika. Zida zina anaziika pakompyuta yake kalekale n'kuiwala, ndiye m'malangizo munalibe. Pajatu mwininyumba saonanso kuti chitseko chake chimafuna kukankha ndi bondo.

Anabwereka kompyuta yopanda kanthu n'kuiika patebulo la azakhali ake, telala amene anamulera. Iwowa kompyuta ankaiopa ngati nsimbi yamoto.

"Azakhali, muziwerenga n'kuchita zomwe zalembedwazo basi. Ine sindiyankhula."

"Iwe, ikaphulika usandilirire!"

Anavala magalasi, chala pamzere. "Apa akuti ikani zida zofunika. Ziti? Sizasi?"

Wamaloto analakalaka kuwalozera, koma anakhalira manja ake. Paliponse pamene chala cha azakhali chinaima, iye ankalembanso: chida ichi choyamba, dzina lake ili, mukaona mawu akuti musaope, dikirani. Akatero ankafufuta zonse zimene azakhali aika pakompyutapo, azakhali n'kuyambiranso, akudandaula kuti diresi la mwini wake likudikira. Masana ankapita choncho, tiulusi tikuyandama m'kuwala kwa dzuwa, mtsikanayo akulota anthu akutali, osawadziwa n'komwe, akuwerenga mawu ake.

Ulendo wina chala sichinaime. Mizere inayenda yokha phee, kenako tsamba loyamba linatseguka, mutu pamwamba, zithunzi m'malo mwake.

Azakhali anavula magalasi. "Ndasoka ine zimenezi?"

Mtsikanayo anaseka, misozi ili mbwembwembwe.

Tsiku litafika, abwana anakhala okha pakompyuta, n'kutsatira malangizowo mzere ndi mzere osafunsa kanthu. Buku linatuluka. Kenako anati, "Mawa ulawirire. Pali mabuku ena akukudikira."

Lero aliyense wolowa ntchito pamenepo amayambira pa tsamba lake, ndipo ena amamulembera kuchokera kutali kuthokoza.

Inunso mwina zinakukanikani anthu akuonerera. Zimawawa, ndikudziwa, koma musadzione ngati otha ntchito. Bwererani pomwe panavutapo, mukonze, muyambirenso. Osataya mtima, abale anga.