Dinani Kangaude

Mkulu wokonza makina oziziritsira m'nyumba ku Matundo, mumzinda wa Tete, anapuma ntchito kalekale, koma mafunso sanapume naye. Bwanji makina anga akudontha madzi? Bwanji akudya magetsi chonchi? Iye amayankha ali khale pansi pa mtengo wa mango: "Sefa munatsuka liti?" Ambiri amabwerera akukanda m'mutu.

Tsiku lina dzuwa likuswa mtengo, anafika Dona Felismina, thukuta lili kamukamu. Amuna awo anali atangotuluka m'chipatala, ndipo makina atsopano amene ana anawagulira ankauzira mpweya wotentha ngati ng'anjo.

"Achimwene, makinawa andiphera munthu."

Mkuluyo anadzuka, zomwe sachita wamba. Atafika kunyumba kwa mayiwo anangoyang'ana rimoti ya makinawo.

"Mwadiniranji kadzuwa, achemwali?"

"Nanga kunjaku kuli chiyani? Ndidine kangaudeyo?"

Ankanena kachizindikiro ka chipale chofewa, chinthu chimene ku Tete sichinagwepo.

"Makinawa safunsa zimene muli nazo," anatero mkuluyo uku akudina kangaudeyo. "Amafunsa zimene mukufuna."

Posakhalitsa wodwala uja anatembenuka pabedi.

"Mayi, tandipatsani chofunda."